Kusaka mafayilo a milandu ndi AND, OR ndi NOT: chikuvuta ndi chani?

Kalaliki_Ginnery analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina ya maloya kuno ku Blantyre, ofesi yaing'ono ndithu, ndipo chaka chathachi tinasamutsa mafayilo onse kuchoka m'makabati ndi m'makompyuta a munthu aliyense kupita pa SharePoint (pulogalamu ya Microsoft yosungiramo mafayilo a ofesi), zikalata za kukhothi, makalata opita kwa makasitomala, makontirakiti, zigamulo zomwe tinakopera ku MalawiLII (tsamba la pa intaneti la malamulo ndi zigamulo za ku Malawi), zonse zili pamalo amodzi tsopano.

Nde bwana andituma kuti ndiwapezere mafayilo onse a milandu ya kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo yomwe munalinso nkhani ya severance allowance (ndalama zomwe munthu amapatsidwa akachotsedwa ntchito), koma pasakhale ya anthu osiya okha ntchito, chifukwa akukonzekera mlandu wina ku Industrial Relations Court ndipo akufuna aone kaye mmene tinayendetsera milandu yakale yofanana nawo. Ndinamva kuti pali njira yosakira yogwiritsa ntchito mawu oti and, or ndi not, nde mu kabokosi kosakira kaja ndalemba motere:

unfair dismissal or wrongful termination and severance not resignation

Zomwe zikutuluka ndi zochepa kwambiri, komanso chodabwitsa pafupifupi zonse ndi za anthu osiya okha ntchito, zomwe sindikuzifuna zija. Fayilo ina yomwe ndikuyidziwa bwinobwino, ya dalaivala wina yemwe zikalata zake ndinatayipa ndekha, sikuoneka n'komwe. Ndikangolemba dismissal yokha zikubwera zambirimbiri zoti munthu sangamalize kutsegula ngakhale atachezera. Bwana akuzifuna Lachisanu. Alipo amene amazidziwa bwino izi andithandize chonde?

Wa_IT_Area47 analemba:

Achimwene musadandaule, iyi ndi yophweka. Choyamba pa SharePoint mawu amenewa amafunika malembo akuluakulu, AND, OR, NOT. Mukalemba ndi malembo ang'onoang'ono kompyuta simawatenga ngati lamulo, imangowaona ngati mawu wamba oti iwasake. Ndiye pa SharePoint mawu awiri akangolekanitsidwa ndi mpata basi, imamva ngati pakati pake pali AND. Tanthauzo lake n'loti mwaiuza kuti ikupezereni fayilo yomwe muli unfair, mulinso dismissal, mulinso wrongful, mulinso termination, mulinso severance, mulinso resignation, zonsezo mu fayilo imodzi. N'chifukwa chake zikutuluka zochepa, komanso n'chifukwa chake zikubwera za osiya okha ntchito, mwaitanitsa resignation m'malo moikana.

Chachiwiri, mawu oyenera kuyendera limodzi muziwatsekera mu makoteshoni. Mukalemba "unfair dismissal" ndi makoteshoni ikusaka mawu awiriwo ali moyandikana mu ndondomeko yomweyo. Popanda makoteshoni ikhoza kukupatsani kontirakiti ya lendi yomwe patsamba loyamba pali unfair ndipo patsamba la 30 pali dismissal ya nkhani ina yosagwirizana.

Koma chomwe chimagwetsa anthu ambiri ndi mabulaketi, apa ndikhalitsepo pang'ono. Ngakhale mutakonza malembo aja n'kulemba

"unfair dismissal" OR "wrongful termination" AND severance

simupeza zomwe mukuganiza. SharePoint imayamba yawerengera AND isanafike pa OR, mmene timachitira pa masamu kuti kuchulukitsa kumatsogola kuphatikiza kumabwera pambuyo. Nde imva kuti mukufuna fayilo iliyonse ya unfair dismissal, kaya muli severance kaya mulibe, kuphatikizapo mafayilo a wrongful termination omwe muli severance. Mndandanda utalika ndipo simudziwa chifukwa chake. Zomwe zikufanana muziike m'bulaketi limodzi, motere:

("unfair dismissal" OR "wrongful termination" OR "unlawful dismissal") AND severance

Njira yosavuta kuikumbukira ndi yoti OR amakulitsa mndandanda, AND amauchepetsa. Anthu ambiri amaganiza mosemphanitsa poti polankhula tikati "ndipatse za Zomba ndi za Mzuzu" timatanthauza zonse ziwiri zibwere, koma mukalemba Zomba AND Mzuzu mupeza mafayilo okhawo omwe mayina onse awiri alimo. Ngati mukufuna za uku ndi za uko, ndi OR.

Palinso kanyenyezi. Mukalemba dismiss* ikugwira dismiss, dismissed, dismissal, dismissing zonse pakamodzi. Pa SharePoint kanyenyezi kamagwira ntchito kumapeto kwa mawu kokha, osati kumayambiriro. Ingosamalani osadula mawu mofupikitsa kwambiri, term* ikubweretserani terms and conditions za kontirakiti iliyonse mu ofesimo, lembani terminat* basi. Mukafuna ma PDF okha onjezerani filetype:pdf kumapeto, mukafuna a Word filetype:docx.

Yesani kaye zimenezi mutiuze.

NaPhiri_Registry analemba:

A IT afotokoza bwino koma ine ndikukayikira kuti fayilo ya dalaivala ija ituluka ngakhale mutalemba molondola. Ndagwira ntchito yosunga mafayilo a maloya kwa nthawi yaitali ndipo vuto lalikulu kwathu kuno si AND kapena OR, ndi ma scan.

Zikalata zomwe zapita kukhothi n'kubwerako zili ndi sitampu ndi siginecha timazisikana, si choncho? Chomwe chimatuluka mu sikana chija dzina lake ndi PDF inde, koma mkati mwake ndi chithunzi cha pepala, mulibe mawu oti kompyuta n'kuwerenga. Inu mukutsegula mukuona unfair dismissal yolembedwa bwinobwino pamwamba, kompyuta ikungoona chithunzi. Kuti mudziwe, tsegulani fayiloyo muyese kukoka mbewa pa mzere umodzi ngati mukufuna kukopera, kapena dinani Ctrl ndi F musake mawu omwe mukuwaona ndi maso patsambapo. Ngati mawu sakusankhika, kapena ikunena kuti palibe, fayilo imeneyo sinadutse mu OCR, njira yomwe kompyuta imawerengera malembo a pa chithunzi n'kuwasandutsa mawu osakika, ndipo mawu a mkatimo sadzapezeka olo mutasaka bwanji, chomwe chingaigwire ndi dzina la fayilo lokha. Mwati munaitayipa nokha, koma funso n'loti yomwe inalowa pa SharePoint ndi ya Word ija kapena ndi yosikana yochokera kukhothi?

Ndipo OCR yo nayonso si yodalirika pa mapepala athuwa. Fotokope ya fotokope, pepala loti linapindidwa panayi m'thumba la kasitomala, sitampu ya buluu itagwera pa dzina penipeni, zigamulo zakale zotayipidwa pa tayipi ija ya riboni yotha inki. Pamenepo rn amasanduka m, l amasanduka 1, dismissal n'kukhala dismissa1. Zolemba pamanja ndiye musayembekezere chilichonse, ndipo pa milandu ya ntchito makalata ambiri a wodandaula amakhala a pamanja, ena m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, mawu oti dismissal mulibemo, muli "anandichotsa ntchito" basi.

China chomwe anzathu akunja sachidziwa ndi mayina athu. L ndi R timazisinthanitsa osazindikira n'komwe. Kalaliki wina alemba Chiradzulu, wina Chiladzulu. Zikalata zakale za malo mupeza Mlanje osati Mulanje, Cholo osati Thyolo, Ncheu osati Ntcheu, Kota Kota osati Nkhotakota, ndipo Nkhotakota yomweyo ena amaigawa pawiri. Mayina a anthu ndi chimodzimodzi, Chirwa ndi Chilwa, Phiri ndi Phili. Posaka dzina ine ndimalemba chonchi nthawi zonse:

(Chiradzulu OR Chiladzulu) AND lease

Izi zimafunika kwambiri tsiku lomwe kasitomala watsopano wabwera ndipo mukufuna kuona ngati ofesi yanu inaimirapo mbali inayo. Pamenepo mukaphonya fayilo chifukwa cha chilembo chimodzi, loya atenga mlandu womwe samayenera kuutenga, ndipo zikadzadziwika mlandu uli mkati ndi zochititsa manyazi ofesi yonse komanso zimapweteka kasitomala yemwe sanalakwe kanthu.

Chomaliza funsani wa IT wanu ngati muli ndi chilolezo cha mafoda onse. SharePoint imakuonetsani zokhazo zomwe mukuloledwa kutsegula, ndipo sikuuzani kuti pali zina zomwe yabisa. Mwina bwana akasaka pa kompyuta yawo apeza zambiri kuposa inu.

Loya_ku_Joni analemba:

Zikomo amayi a ku Registry, zimenezo ndi zoona zokhazokha. Ine ndikufuna ndikambe za NOT, chifukwa ndaona a IT amuchotsa mwakachetechete pa zomwe alemba ndipo achita bwino, koma a Kalaliki akuyenera adziwe chifukwa chake asanamubwezeretse.

NOT sataya mawu, amataya fayilo yonse yomwe mawuwo aonekamo ngakhale kamodzi kokha. Zili ngati kutaya thumba lonse la chimanga chifukwa mwaonamo nankafumbwe mmodzi. Taganizani zomwe zimalembedwa pa mlandu weniweni wa kuchotsedwa ntchito. Abwana a kampani amati munthuyu anasiya yekha, wodandaula amati ayi sindinasiye munandithamangitsa, khothi n'kulemba kuti silikukhulupirira zoti anasiya yekha. Mawu oti resign, resigned, resignation adzaza m'fayilo imeneyo, chonsecho ndi fayilo yomwe bwana wanu akuifunitsitsa. Mukaika NOT resign* yapita, ndipo palibe chokuchenjezani kuti yapita.

Kuwonjezera apo pali constructive dismissal. Employment Act ya 2000 pa section 60 imalola wantchito kuthetsa kontirakiti yake ngati khalidwe la womulemba ntchito lafika poti sangayembekezeredwe kupitiriza, ndipo lamulo limamutenga ngati wachotsedwa. Munthu wotere papepala analembadi kalata yosiya ntchito. Nde pamene bwana akuti "pasakhale osiya okha", sindikukhulupirira kuti akutanthauza kuti milandu iyi ichokenso. Kawafunseni musanapitirire, ndi funso la mphindi imodzi. Ine langizo langa ndi loti musake popanda NOT, mndandanda utalike pang'ono, osafunikawo muwachotse ndi maso anu. NOT ndimamugwiritsa ntchito pa zinthu zomwe ndikudziwa motsimikiza kuti ndi zinyalala, monga ngati mafayilo a template akungobwerabwera, ndipo ngakhale pamenepo ndimayamba ndasaka zomwe ndikufuna kutayazo pazokha kuti ndizione kaye.

M'malo mwa makoteshoni nthawi zina NEAR ndi wabwino kuposa. Makoteshoni amafuna mawu ndendende, pomwe maloya ndi majaji salemba mofanana, wina alemba unfair dismissal, wina unfairly dismissed, wina the dismissal was both procedurally and substantively unfair. Zonse zitatuzi mungazigwire ndi

(unfair* NEAR(6) dismiss*) AND (severance OR "terminal benefits")

Nambala ili m'bulaketiyo ikunena kutalikirana kwa mawu awiriwo, mukapanda kuilemba SharePoint imaika 8 yokha. Mukhozanso kusaka ndi manambala a magawo a lamulo, poti pa mlandu wotere loya sangalephere kuwatchula, "section 57" ya chifukwa chomveka chochotsera munthu ndi mwayi woti adziteteze, "section 35" ya severance allowance, "section 63" ya zomwe khothi lingapereke kwa wochotsedwa mopanda chilungamo. Kungoti ena amafupikitsa kuti s. 57 kapena s57, nde OR akufunikanso pamenepo, komanso malamulo ena ali ndi section 57 yawo choncho muonjezere AND "Employment Act".

Chenjezo kwa ena owerenga omwe ali pa mapulogalamu ena: zomwe tikulembazi ndi za SharePoint, musazitenge n'kukaziika kwina osayang'ana tsamba la thandizo la pulogalamu yanu. Mpata womwewu pakati pa mawu awiri, pa SharePoint ndi AND, pa Westlaw (tsamba losakirapo malamulo ndi zigamulo) mukamasaka ndi njira yake yotchedwa Terms and Connectors ndi OR, pa dtSearch, chosakira chomwe chimapezeka mkati mwa Relativity (pulogalamu younikira zikalata za milandu), mawuwo amatengedwa ngati ali mu makoteshoni. Chizindikiro cha peresenti pa Westlaw chimatanthauza kukana, pa dtSearch chimatanthauza kuti igwirenso mawu olembedwa molakwika pang'ono. Kuyandikana kwa mawu pa Westlaw ndi /5 kapena /s kapena /p, pa dtSearch ndi w/5. Pa Westlaw podula mawu ndi chizindikiro chofuulira, dismiss! osati kanyenyezi, ndipo kumeneko OR ndiye amatsogola AND kubwera pambuyo, mosemphana ndi zomwe a IT afotokoza za SharePoint. Maganizo ake ndi amodzi, anachokera kwa George Boole, katswiri wa masamu wa ku England yemwe anamwalira mu 1864 kompyuta kulibe, koma kalembedwe kake kampani iliyonse inapanga kake. Mabulaketi ndi omwe amakupulumutsani paliponse.

Ndipo musadzakhulupirire kuti poti mwalemba bwino ndiye kuti mwapeza zonse. Mu 1985 David Blair ndi M. E. Maron anasindikiza kafukufuku yemwe anthu a e-discovery, ntchito yosaka umboni wa milandu m'zikalata za pa kompyuta, amamutchulabe mpaka pano. Anaona maloya ndi owathandizira akusaka zikalata pafupifupi 40,000 za mlandu wina waukulu ku America pa pulogalamu ya IBM yotchedwa STAIRS. Maloyawo ankasiya kusaka akakhutira kuti apeza 75 peresenti ya zikalata zofunika, koma atawerengera bwinobwino anapeza kuti zinali pafupifupi 20 peresenti yokha. Chifukwa chachikulu chinali choti anthu olemba zikalatazo ankatchula chinthu chimodzi ndi mawu osiyanasiyana, ngozi yomweyo wina ankailemba ngati accident, wina incident, wina problem, makamaka omwe ngoziyo inkawakhudza ankazemba kuitchula dzina. Pa milandu ya ntchito ndi chimodzimodzi, kalata ya kampani kawirikawiri sinena kuti takuchotsa, imati services no longer required, kapena retrenchment, kapena non-renewal of contract. Tsegulani mafayilo angapo omwe mukudziwa kuti ndi oyenera, muone mawu omwe agwiritsidwa ntchito mmenemo, muwaonjezere pa OR, musakenso. Mukapereka mndandanda kwa bwana muwauzenso zomwe munalemba posaka ndi tsiku lake, kuti adziwe malire a zomwe mwawapatsa.

Mjomba_wa_Zomba analemba:

Koma abale zonsezi m'chaka chino? Masiku ano mapulogalamu ambiri ungolemba funso mmene umalankhulira AI n'kukupezera, bwanji kuvutika ndi mabulaketi ngati tili mu Form 2?

Loya_ku_Joni analemba:

A Mjomba zimenezo ndimazigwiritsa ntchito nanenso, makamaka ndikamayamba nkhani yomwe sindikudziwa kuti anthu amaitchula bwanji, zimathandiza kupeza mawu. Koma kusiyana kwake n'koti zimakupatsa zomwe zaganiza kuti ndi zabwino kwambiri, osati zonse, ndipo sungathe kufotokoza chifukwa chomwe fayilo ina yasiyidwa. Ndi AND ndi OR ndimadziwa lamulo lomwe ndapereka, mnzanga akalemba zomwezo pa mafayilo omwewo apeza zomwezo, ndipo loya wa mbali inayo akandifunsa kuti munasaka bwanji ndimamuonetsa mzerewo. Komanso musanaike zikalata za kasitomala mu chida chilichonse cha pa intaneti funsani kaye kuti zikupita kuti, chinsinsi cha kasitomala si chathu choti tizingogawa.

Wa_IT_Area47 analemba:

Ndionjezere pa za amayi a ku Registry. Mankhwala enieni a vutoli ndi kulemba zizindikiro pa fayilo iliyonse poisunga, nambala ya fayilo, dzina la kasitomala, mbali inayo, khothi, mtundu wa mlandu, chaka. Pa iManage ndi NetDocuments, omwe anapangidwira maofesi a maloya, chilichonse chimasungidwa pansi pa kasitomala ndi nkhani yake kuyambira pachiyambi. Pa SharePoint mumapanga nokha ma column amenewa. Mtundu wa mlandu ukhale wosankha pa mndandanda osati wotayipa, apo ayi wina alemba Labour wina Employment wina IRC mwabwereranso pomwe paja. Zikatere ngakhale scan yosawerengeka imapezeka, poti mukusefa ndi column osati mawu a mkati. Ndi ntchito yotopetsa kumayambiriro, ndikudziwa, koma yambani ndi mafayilo atsopano okha, akalewo muziwakonza mukawatsegula.

Kalaliki_Ginnery analemba:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza zedi. Ndagwiritsa ntchito mzere wa NEAR uja ndaonjezera retrench* ndi "non-renewal" ndipo mndandanda tsopano ndi womveka, woti ndikhoza kuutsegula umodziumodzi ndisanafike Lachisanu. Ndawafunsa bwana za constructive dismissal ndipo akuti imeneyo ndiye akuifuna kwambiri chifukwa mlandu akukonzekerawo uli ndi mbali imeneyo, nde NOT ndamusiya.

Amayi a ku Registry munalasa, fayilo ya dalaivala ija ndi scan, mawu sakusankhika, ndipo dzina lake ndi manambala a sikana okhaokha. Foda yonse ya chaka chimenecho ili choncho. Nde ndifunsenso, pali njira yodutsitsira foda yonse mu OCR pakamodzi kapena ndi imodziimodzi? Nanga sitampu ya khothi ija siwonongeka?

NaPhiri_Registry analemba:

Njira ilipo mwanawe. Ngati ofesi ili ndi Adobe Acrobat Pro, osati Reader yaulere ija, pa Recognize Text pali posankha mafayilo ambiri kapena foda yonse. Sankhani mtundu wa Searchable Image (Exact), umenewo umasiya chithunzi cha pepala mmene chilili, sitampu ndi siginecha osakhudzidwa, mawu amangoikidwa mobisika kuseri kwake. Muiuze isunge zatsopanozo mu foda ina kuti zoyambirira zikhalebe, makamaka ngati pali PDF yosayinidwa ndi siginecha ya pa kompyuta, imeneyo musaikhudze chifukwa kusintha kulikonse kumasokoneza siginechayo. Mukazikweza pa SharePoint musadabwe zikapanda kutuluka pompopompo, imatenga kanthawi kuti iziwerenge, sakaninso mawa lake m'mawa. Pa za Lachisanuzi ine ndikanati foda ya chaka chimenecho muiyang'ane ndi maso pogwiritsa ntchito kaundula wa mafayilo, OCR ibwere pambuyo. Ndipo muuze amene amasikana kuti ayang'ane pa makina ngati pali posankha searchable PDF, ma sikana ambiri a mu ofesi ali napo koma pamakhala pozimitsa, komanso posankha kuoneka bwino kwa chithunzi aziika pa 300 dpi.